Funsani Tikuyankheni: Guwa, mafupa a oyera ndi amisiri a apapa

Makalata a mwezi uno akumana pa nkhani imodzi, ya zotsala za oyera ndi matchalitchi omwe apapa anamanga ku Roma m'zaka za m'ma 1500. Oyankha ndi wansembe wophunzitsa mbiri ya Mpingo pamodzi ndi katswiri wa zomangamanga, onse a muno mu Harare.

Ndili mu komiti yomanga pa parishi yathu. Tikuchotsa guwa lakale lamatabwa kuti timange lamwala. Agogo ena akuti guwa lopanda fupa la woyera si guwa. Kodi n'zoona? Nanga fupalo timalipeza kuti, ndipo timaliika pati?
Bambo wa ku Mufakose

Bambo, agogowo akukumbukira bwino, kungoti lamulolo linafewako. Kale wansembe sankachita Misa popanda mwala wodalitsidwa wokhala ndi zotsala za amaritiri. N'chifukwa chake m'matchalitchi akale a mishoni mumapeza kamwala kafulati kamakona anayi, kolowetsedwa pakati pa thebulo la guwa, kokhala ndi timitanda tisanu ndi kabowo komata. M'kabowomo mumakhala tizidutswa ta mafupa ndi timibulu titatu ta lubani. Choncho musanayambe kuzula misomali, vundukulani nsalu muone ngati kamwalako kalipo. Kakapezeka musakaswe, musakataye pamodzi ndi zinyalala. Kaperekeni m'manja mwa bambo mfumu.

Lero lamulo la Mpingo, kanoni 1237, likuti mwambo woika zotsala za oyera pansi pa guwa losasunthika usungidwe, ndipo oyerawo angakhale amaritiri kapena ayi. Buku la mwambo wopatula tchalitchi ndi guwa la 1977 likufotokoza bwino. Chidutswacho chikhale chachikulu moti munthu n'kuzindikira kuti n'cha thupi la munthu, osati kafumbi. Chikhale chotsimikizika, ndipo bukulo likunena mosabisa kuti kuli bwino kupatula guwa lopanda zotsala kusiyana n'kuikamo zokayikitsa. Malo ake ndi kunsi kwa thebulo, osati pamwamba pake kapena kugoba m'thebulo momwemo monga kale. Apa mpamene makomiti amaphonya: mmisiri amazokota bowo pamwala wodula potengera guwa lakale, kenaka amauzidwa kuti bowolo silifunika.

Kufuna fupa si ntchito ya komiti. Bambo mfumu amalembera ofesi ya arkiepiskopi, ndipo ndi episkopi amene amapempha ku chipani cha ansembe kapena cha asisitere chomwe woyerayo anali, kapena kwa woyendetsa nkhani yoti munthuyo atchulidwe woyera ku Roma. Zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Inu ntchito yanu ndi iyi. Thebulo likhale mwala umodzi wachilengedwe, ndipo mwala wakuda wa ku Mutoko ndi woyenera. Tsinde likhale lomangidwa kumodzi ndi pansi. M'tsindemo siyani kaphanga, koma musakatsirize musanadziwe kukula kwa bokosi losungira zotsalazo, ndipo muzisiya mpata wa zala ziwiri mbali zonse. Yalani pulasitiki wotchinga chinyezi pansi pa njerwa zoyamba. Pulasitala aume kwa masabata angapo bokosi lisanalowe, chifukwa simenti yaiwisi imatuluka thukuta ndipo chikalata chotsekeredwa nayo chimavunda nyengo yamvula imodzi isanathe. Bokosi likhale lachitsulo chosachita dzimbiri. Lamatabwa ndi ndiwo ya chiswe. Konzeranitu kamwala kotsekera koyeza bwino, poti pa tsiku lopatula mmisiri amatseka kaphangako pakati pa mwambo, anthu onse akuyang'ana, ndipo imodzi mwa makope a chikalata cha mwambowo imalowa m'bokosimo.

Mwambo woika zotsala pansi pa guwa uli ndi mizu pa Chivumbulutso 6:9, pamene mizimu ya ophedwa chifukwa cha mawu a Mulungu ikuoneka pansi pa guwa. Chitsanzo chachikulu ndi tchalitchi cha Petulo Woyera ku Vatican. Guwa lomwe papa amachitirapo Misa linapatulidwa ndi Papa Clement VIII mu 1594. Pansi pake pali guwa la Papa Callixtus II la 1123, pansi pa ilo pali la Papa Gregory Wamkulu, pansi pakenso pali chikumbutso cha mfumu Constantine, ndipo pansi penipeni pali manda omwe mwambo umati ndi a Petulo. Zinasanjikizana ngati mbale. Wolemba wina wa m'zaka za m'ma 1500 anasimba kuti Bramante, mmisiri woyamba wa tchalitchi chomwe chilipo lero, anapempha kusuntha mandawo kuti pulani yake ikhale bwino, koma Papa Julius II anakana. Mmisiri ndiye anagonjera manda.

Ine ndine mkulu wa mpingo wa CCAP. Tinaphunzira kuti tchalitchi cha Petulo chinamangidwa ndi ndalama zogulitsa chikhululukiro, komanso kuti Akatolika amapembedza mafupa. Mutiuze zoona, osakometsera.
Mkulu wa mpingo, Highfield

Akulu, pa funso loyamba sitizemba. Julius II anaika mwala wamaziko pa 18 Epulo 1506, ndipo ntchitoyo inali chidzenje chomeza ndalama. Mu 1515 Papa Leo X analola kuti m'madera ena a Germany mulalikidwe indulujensi, kutanthauza kuchotseredwa zilango za machimo okhululukidwa kale, kwa opereka ndalama zomangira. Zomwe anthu wamba sankadziwa n'zakuti theka la ndalamazo linkapita kukabweza ngongole yomwe Albrecht, arkiepiskopi wa Mainz, anatenga ku banki ya banja la Fugger. Mlaliki wake, Johann Tetzel, ankalankhula ngati wogulitsa pa Mbare Musika. Mu 1517 Martin Luther analemba mfundo zake 95, ndipo imodzi inkafunsa chifukwa chake papa, wolemera chotero, samanga tchalitchicho ndi ndalama zake.

Koma kunena kuti tchalitchi chonse chinamangidwa ndi ndalamazo n'kutalikitsa nkhani. Ntchitoyo inatenga zaka 120, mpaka Urban VIII atachipatula pa 18 Novembala 1626, ndipo mu 1567 Pius V anathetsa maindulujensi onse olowetsamo ndalama. Denga lalikulu, kutalikitsa tchalitchi ndi khomo lakutsogolo zonse zinamangidwa pambuyo pake. Izi sizikutanthauza kuti ndalama zam'mbuyozo zinali zoyera ngati ufa. Sixtus V, yemwe analamulira kuyambira 1585 mpaka 1590, ankagulitsa maudindo a boma lake ndi kukweza misonkho, moti atamwalira anthu a ku Roma anafuna kugwetsa chiboliboli chake.

Pa za mafupa, chiphunzitso chimasiyanitsa kupembedza, komwe n'kwa Mulungu yekha, ndi kulemekeza. Akatolika amaloza pa 2 Mafumu 13:21, pomwe wakufa anauka atakhudza mafupa a Elisa, ndi Machitidwe 19:12, pomwe nsalu zokhudza thupi la Paulo zinkachiritsa odwala. Mungatsutse kamasuliridwe ka mavesiwa, ndipo makolo anu m'chikhulupiriro anatsutsadi. John Calvin mu 1543 analemba kuti tizidutswa tonse totchedwa ta mtanda wa Yesu titasonkhanitsidwa tingadzaze chombo. Ankanyoza, koma chinyengo chomwe ankaloza chinalipo. Chodabwitsa n'chakuti Frederick wa ku Saxony, mfumu yomwe inateteza Luther, anali ndi zotsala za oyera zopitirira 19,000 m'tchalitchi chake ku Wittenberg.

Msonkhano wa maepiskopi Achikatolika wa ku Trent unayankha mu Disembala 1563. Unati matupi a oyera alemekezedwe, koma zamatsenga ndi kudyerapo phindu zithe, ndipo chotsala chilichonse chatsopano chisalandiridwe episkopi asanafufuze ndi kuvomereza. Kuweruza kwathu n'kwakuti kudzudzula kwa Aprotestanti kunathandiza Roma kusesa m'nyumba mwake, ngakhale Roma sanathokoze.

Ndine bilidala. Ndinaona pa foni chipilala cha mwala umodzi chili pabwalo la Vatican, akuti anachisuntha kulibe kireni. Anachita bwanji? Nanga denga lalikulu lija la tchalitchi cha Petulo limaima bwanji osagwa?
Mmisiri wa ku Mabvuku

Achimwene, chipilalacho chinachokera ku Egypt ndipo chinafika ku Roma m'nthawi ya mfumu Caligula. N'chachitali mamita pafupifupi 25, cholemera matani opitirira 300. Chinkaima pambali pa tchalitchi, pamalo a bwalo lamasewera lakale pomwe mwambo umati Petulo anaphedwera, choncho kwa Sixtus V chinali ngati mboni ya imfayo. Ntchito inapatsidwa kwa Domenico Fontana mu 1585.

Fontana anayamba ndi masamu. Anayeza kulemera kwa kachidutswa ka mwala wamtundu womwewo n'kuwerengera chipilala chonse, kenaka anayesa mphamvu ya chingwe chimodzi ndi chopukusira chimodzi, mtengo wozunguza wokulungira chingwe, kuti adziwe zingati zifunike. Anapeza zopukusira 40, chilichonse chozunguzidwa ndi anthu ndi akavalo. Anamanga nsanja yamitengo yoposa chipilalacho kutalika, yokhala ndi mizati ikuluikulu isanu ndi itatu. Mwalawo anaukulunga ndi mphasa, kenaka matabwa, kenaka mipiringidzo ndi malamba achitsulo, kuti zingwe zikoke chitsulo m'malo mokoka mwala. Mbali ina ya chipinda chakale cha tchalitchi anaigumula kuti zingwe zipeze njira.

Vuto lalikulu pa ntchito yotere si kuchepa kwa mphamvu, koma kusakokera pamodzi. Chopukusira chimodzi chikatsogola chimasenza katundu wa zinzake, chingwe chake n'kuduka, ndipo zotsalazo zimatsatira ngati mikanda. N'chifukwa chake lipenga likalira onse ankazunguza, belu likalira onse ankaima, akapitawo n'kuyendera zingwe ndi kukhomera mitengo yosongoka pansi pa mwala kuti usabwerere. Owonerera analetsedwa kupanga phokoso. Pa 30 Epulo 1586 anthu pafupifupi 900 ndi akavalo 75 anachinyamula, ndipo patapita sabata anachigoneka pa chithatha chokhala pa mitengo yogudubuza. Bwalo latsopano linali mmunsi, choncho anamanga msewu wadothi wokwera, wotchingidwa ndi matabwa m'mbali, kuti chipilala chifike chili kale pamsinkhu wa tsinde lake. Anadikira kuti kutentha kwa chilimwe kudutse, ndipo pa 10 Sepitembala, ndi akavalo 140, anachiimika pokoka ulendo 52. Nkhani yotchuka ya wamalinyero yemwe anafuula kuti athire madzi pa zingwe ndi nthano yokoma, koma Fontana sanailembe m'buku lake la 1590.

Fontana yemweyo anasunthanso zopatulika. Ku Santa Maria Maggiore kunali kachipinda kakale kopemphereramo kosunga chikumbutso cha khola la ku Betelehemu. Sixtus sanafune kuti kagumulidwe, choncho anakamanga m'chikhola cha mitengo ndi zitsulo, anakanyamula ndi zingwe, n'kukatsitsira pansi pa guwa la chipinda chatsopano. Mu 1589 anasuntha masitepe 28 a mwala wa mabo otchedwa Scala Santa, omwe mwambo umati Yesu anakwera kwa Pilato. Amati anayamba kuyala sitepe yapamwamba kutsika mmunsi kuti antchito asaponde. Mawondo a oyenda ulendo wa chikhulupiriro anadya mwalawo mpaka mu 1723 Innocent XIII anaukuta ndi matabwa.

Tsopano denga. Mmisiri Michelangelo anamwalira mu 1564 atamanga khoma lozungulira lomwe dengalo limakhalapo. Giacomo della Porta, mothandizana ndi Fontana, anamanga dengalo kuyambira 1588 mpaka 1590, miyezi 22 yokha, antchito akusinthana usana ndi usiku, poti papa anali wokalamba ndipo ankafuna kuliona. Ndi la njerwa, lili ndi zikamba ziwiri, chamkati ndi chakunja, zogwirizidwa ndi nthiti 16, ndipo m'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 42. Della Porta analisongola kuposa pulani yoyamba, chifukwa denga losongoka limakankhira kulemera pansi pomwe lobulungira limakankhira m'mbali. Inu mukudziwa zomwe denga lolemera limachita pa nyumba yozungulira yopanda bimu pamwamba: khoma limayasama. Iwo bimu yawo inali malamba achitsulo okwiriridwa m'njerwa.

Sanakwane. Pofika m'ma 1740 ming'alu yotsika kuchokera pamwamba inali itaopsa, ndipo Benedict XIV anaitana katswiri wa masamu Giovanni Poleni wa ku Padua. Poleni anapachika tcheni, n'kumangirira zolemera molingana ndi kulemera kwa chigawo chilichonse cha denga. Tcheni cholendewera chimajambula njira yomwe kulemera kumadutsa, kungoti chadodolido. Atatembenuza chithunzicho anapeza kuti mzerewo uli mkati mwa njerwa paliponse, kusonyeza kuti dengalo, ngakhale linagawika ngati zigawo za nachesi, likhoza kuima malinga pansi pake pamangidwa. Luigi Vanvitelli anaika malamba asanu achitsulo, ndipo lachisanu ndi chimodzi linawonjezeredwa atapeza kuti limodzi mwa akale aja linaduka.

Mwana wanga ali ku Italy ananditumizira kachitsulo kozungulira kagalasi, mkati muli kanthu kakang'ono ndi dzina la woyera. Akuti anagula pa intaneti. Ndingadziwe bwanji kuti n'chenicheni?
Mayi wa ku Tafara

Mayi, mwana wanu anachita mwachikondi, koma mumuuze asagulenso. Kanoni 1190 imaletsa kotheratu kugulitsa zotsala za oyera, ndipo wogula aliyense amapatsa akuba ndi achinyengo msika.

Poyamba werengani kapepala kamkati. Mawu achilatini akuti ex ossibus akutanthauza za mafupa, ex capillis za tsitsi, ex indumentis za zovala. Kenaka tsegulani chivundikiro chakumbuyo chokha, mofatsa, osafika mkati. Muyenera kuona ulusi wofiira wopingasa, womatidwa ndi phula lofiira lokhala ndi chidindo. Ulusi ukaduka kapena phula likaoneka kuti linasungunulidwanso, palibe amene angalumbire kuti zamkatimo sizinasinthidwe. Chachitatu ndi chikalata chosainidwa ndi episkopi kapena woyendetsa nkhani ya woyerayo, chofotokoza kachitsuloko, ndipo chidindo cha pachikalata chifanane ndi cha paphula. Chimodzi chikasowa, chinthucho sichingaikidwe m'tchalitchi kapena kuyenda nacho pa mphakati kuti anthu achilemekeze. Zonse zikakhalapo musafulumirebe, poti zidindo nazo amazipeka. Chenjerani kwambiri ndi maina akuluakulu. Wogulitsa tsitsi la Amayi Maria kapena fupa la mtumwi akusewera nanu. Musachitaye kudzala, musachiike padzuwa poti phula limasungunuka, ndipo pitani nacho kwa bambo mfumu kuti achitumize ku dayosizi.

Kukhwima konseku kunabadwa m'zolakwa za Roma mwini. Pa 31 Meyi 1578 anthu okumba dothi lomangira m'mbali mwa msewu wa Via Salaria anaboola manda akale a pansi pa nthaka. Mzinda wonse unathamangirako, ndipo ambiri anaganiza kuti aliyense wogona mmenemo ndi maritiri. Mafupa anayamba kutumizidwa ku Germany, Switzerland ndi Austria kukalowa m'malo mwa zomwe zinawonongedwa pa mikangano ya zipembedzo, ndipo opanda dzina ankangopatsidwa dzina. Mu 1668 Roma anagamula kuti chizindikiro cha maritiri ndi chithunzi cha kanjedza pamodzi ndi kabotolo ka magazi pamanda. Akatswiri ofukula zakale anadzaonetsa kuti timabotolo tambiri tinali ta mafuta onunkhira, ndipo kanjedza ankajambulidwanso pamanda a Akhristu wamba. Nkhani ya Philomena, yemwe mafupa ake anapezeka mu 1802 ndipo chikondwerero chake chinachotsedwa pa kalendala mu 1961, inadutsa njira yomweyo.

Panalinso ochita mosamala. Mu Okutobala 1599 Kadinala Paolo Emilio Sfondrati, pokonzanso tchalitchi cha Santa Cecilia ku Trastevere, anatsegula bokosi la Cecilia Woyera pali mboni. Clement VIII anatumiza Kadinala Cesare Baronio, wolemba mbiri, kuti akaone, ndipo pa 22 Novembala papa mwini anabwezeretsa thupilo pansi pa guwa m'bokosi lasiliva. Chiboliboli cha Stefano Maderno, cha mtsikana wogona chammbali, chinaikidwa pomwepo mu 1600.

Tinapita ku Mutemwa n'kubwerako ndi timiyala ndi zithunzi za John Bradburne. Tingaziike m'tchalitchi n'kuyatsa makandulo?
Amayi a mphakati, Dzivarasekwa

Ayi amayi, m'tchalitchi musaike. Bradburne, yemwe ankasamalira odwala khate ku Mutemwa, anaphedwa mu Sepitembala 1979, anaikidwa ku Chishawasha, ndipo nkhani yofufuza ngati angatchulidwe woyera inatsegulidwa mu 2019, choncho pakali pano ndi Mtumiki wa Mulungu, sanatchulidwe wodala. Malamulo a Urban VIII a 1625 ndi 1634 amaletsa kupereka ulemu wa pagulu kwa munthu wotere: kujambula kuwala kozungulira mutu wake, kuika chithunzi chake paguwa, kumuchitira Misa ngati woyera. Ofufuza amayendera malo kukaona ngati lamuloli lasungidwa, ndipo akapeza kuti laswedwa nkhaniyo imachedwa. Kunyumba mukhoza kusunga chithunzi ndi kupempha kudzera mwa iye panokha, ndipo mukalandira chithandizo lembani tsiku, zomwe zinachitika ndi mapepala a kuchipatala, mupereke kwa oyendetsa nkhaniyo.

Mmodzi mwa inu anafunsanso m'munsi mwa kalata za Gonçalo da Silveira, wansembe wa chipani cha Ajezwiti yemwe dzina lake lili pa Silveira House. Anaphedwa ku likulu la ufumu wa Mutapa mu Malichi 1561, msonkhano wa ku Trent usanathe, ndipo thupi lake linaponyedwa mumtsinje wa Musengezi. Silinapezeke, choncho wina akakuonetsani fupa lake musatulutse chikwama.